Khutu Lakumanzere la Nagama

Loweruka m'mawa, mame asanakamuke, a Lameki Chiwaula anafika pa nazale ya Aphunzitsi Likagwa ali ndi kalata m'thumba la malaya. Anaodira kawiri, chikhalirecho mwini malo anali poonekera, atakhala pa kampando pakati pa machubu a mbande, lezala ili m'manja.

"Lowani, a Chiwaula," anatero mkuluyo. "Pano palibe chitseko. Chitsa icho, khalanipo."

A Yotamu Likagwa anaphunzitsa ana sukulu zaka makumi atatu, nakhala mlaliki zaka zina khumi ndi zisanu, moti theka la mpingo wa m'mudzimo linadutsa m'kalasi yawo lisanabatizidwe. Atapuma anayamba ntchito imene ambiri kuno ku Mwanza amaidziwa, yomezanitsa manachesi pa tsinde la mandimu. Anali munthu wosafulumira. Ukawafunsa funso lokuwotcha mumtima, iwo amayamba amaliza kaye kumanga mbande imene ili m'manja, ndipo anthu opupuluma ankachokapo ali nyinyirinyinyiri yankho lisanabwere. Koma mawa lake ankabweranso.

"Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?"

"Ndadzuka, mawondo okhawa ndiwo akukana. Kaya inu? Nanga mai Nagama adzuka bwanji?"

"Adzuka."

A Chiwaula anakhala pa chitsa paja, koma sipanatenthe n'komwe, anaimirira. Anavula chipewa, anachivalanso, anachivulanso. Bambo wa zaka makumi asanu, imvi zili mbuu m'mbalimu, ali yakaliyakali ngati nkhuku yosowa poikira. Mtima wawo sunali m'malo, ndipo zimenezi ngakhale wodutsa pamsewu akanaziona. Potsiriza anatulutsa kalata ija naipereka ndi manja awiri.

"Ndabwera ndi pempho, Aphunzitsi. Iyi mukandiperekere kwa Abusa lero lomwe. Ine sindingathe kuwayang'ana kumaso."

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti mawa andichotse. Adzoze anzanga awiri aja, ine ayi. Masana ano ndikwera njinga kupita kwa mphwanga kutsidya kwa malire, ndikakhaleko mpaka nkhaniyi itazizira."

Mawa lake, Lamulungu, mpingo unali woti udzoze akulu a mpingo atatu atsopano, n'kudyanso Mgonero wa Ambuye tsiku lomwelo. Mmodzi mwa atatuwo anali a Chiwaula. Jekete loyera limene akulu amavala ponyamula mkate ndi chikho telala anali atasoka kale, ndipo mkazi wawo Nagama anali atalisita n'kulipachika pa msomali kuchipinda.

Aphunzitsi sanaitenge kalatayo. Anaonetsa manja awo.

"Zala zanga zili ndi utomoni, ndingaide. Iikeni pansi apo, muipsinjize ndi mwala, siithawa. Koma munthu wotumidwa ayenera kudziwa chimene wanyamula. Chachitika n'chiyani?"

"Inu mukudziwa, Aphunzitsi."

"Ndikudziwa zakale. Ine ndikufunsa za sabata ino."

Zakalezo mudzi wonse unkazidziwa. Zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo a Chiwaula anali chidakwa chotheratu, munthu woti akatulukira pa njira ana amathawira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina la msika anabwera dzuwa lili paliwombo, kachasu ali m'mutu, naima pakhomo n'kuitana mkazi wawo. Nagama anali kuseri kwa nyumba akupuntha nandolo, ndipo ndi phokoso la ndodo pa makoko ouma sanamve. A Chiwaula anaitana kachiwiri. Anaitana kachitatu. Atazungulira n'kumupeza, sanafunse kanthu. Anamuwomba mbama ndi dzanja lonse, akuti, "Ndikamaitana uzimva!" Imodzi yokha, abale inu, imodzi. Khutu lakumanzere linatuluka magazi, kenako mafinya milungu itatu, ndipo kuchipatala anati m'kati mwaonongeka, silidzamvanso. Ndipo silinamvenso.

Nagama anapita kwawo. Ankhoswe anayenda uku ndi uku, ndipo patatha miyezi isanu anabwerera. Panapitanso zaka ziwiri kuti a Chiwaula atembenuke mtima. Zinachitika pa maliro a mnzawo wa ku mowa amene anamupeza atauma m'ngalande. Anachoka kumanda kuja akunjenjemera, ndipo Lachitatu lotsatira anali atakhala pa benchi m'kalasi ya Aphunzitsi Likagwa, pakati pa anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ana awo. Kuyambira pamenepo botolo sanalikhudzenso, dzanja sanalikwezenso. Pa chisankho cha akulu dzina lawo ndilo linatsogola.

"Za sabata ino," anatero a Chiwaula, akuyenda kuchoka pa chitsa kufika pa mgolo wa madzi n'kubwereranso. "Lamulungu lapitali, pamene mlembi ankawerenga maina, inu munali kutsogolo, simunaone. Mai a kunyumba anafika mochedwa, ankasamalira mbuzi yodwala. Kumbali ya amai malo anali atatha, anangopeza malo a kukhoma, kumene khutu lakufa lija ndilo linaloza ku gome la kutsogolo. Dzina langa litatchulidwa, amai onse nthungululu! Ine ndinaponya maso kumbali yawo. Onse akuwayang'ana iwo, ena akuwagwira mapewa, iwo ali kakasi. Kenako ndinawaona akutembenuza mutu, akupereka khutu lakumanja kwa mai oyandikana nawo. Milomo yawo ndinaiwerenga ndili patali. Anafunsa kuti, 'Ati ndani?'"

Anaima. 

"Aphunzitsi, tchalitchi chonse chinamva kuti Lameki Chiwaula ndi mkulu wa mpingo, kupatula munthu mmodzi. Ndipo amene anamutseka khutu munthuyo ndine."

Mkulu uja anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natenga mbande ina.

"Pitirizani."

"Chiyambire tsiku limenelo ndasowa mtendere. Ndikagwira khasu, ndimva ndodo ikupuntha nandolo. Ndikatsegula pakamwa kuti ndipemphere, ndimva mawu anga aja. Lolemba pa msika panali mlaliki wina wa chimkuzamawu. Anati munthu wopulumutsidwa zenizeni zakale zimafufutika, ndipo amene akukumbukirabe machimo ake ndiye kuti maunyolo sanadukebe. Anthu anakuwa kuti ameni. Ine ndinangosiya mchere umene ndinkagula n'kuchokapo. Lachiwiri ndinakwera phiri. Ndinakhalako masiku atatu osadya, ndikupempha chinthu chimodzi chokha: Ambuye, ndiiwalitseni. Ndatsika dzulo. Ndafika pakhomo, mai andilandira, ndawapatsa moni, ndipo iwo atembenuza mutu kuti amve. Zonse zija zangobwerera ngati zachitika dzulo."

Anayandikira, nagwada bondo limodzi monga achitira munthu pofunsa wamkulu.

"Inu munatiphunzitsa m'kalasi kuti Mulungu akakhululuka sakumbukiranso. Nanga ine bwanji ndikukumbukira? Kapena sanandikhululukire? Ngati sanandikhululukire, ndiye kuti zaka khumi ndi ziwiri zonsezi ndakhala ndikunamiza mpingo, ndipo mawa dzanja lomwe lija linyamule chikho cha Ambuye? Iyayi, Aphunzitsi. Ndikuopa."

Apa munthu wina akanafulumira kutonthoza. A Likagwa ayi. Anangoti, "Tagwirani chubu ichi, chisagwedezeke. Manja anu akusowa chochita."

A Chiwaula anagwira. Mkulu uja anacheka khungwa la kamtengo ka ndimu mosamala, nalitsegula pang'ono ndi nsonga ya lezala. Anatenga kanthambi ka nachesi, nasenga diso limodzi, nalilowetsa m'bala lija. Kenako anazenga ndi kachingwe ka pulasitiki, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, akupuma mwaphokoso ngati munthu amene wasenza katundu. Anamanga mfundo. Anaiyang'ana. Anaimasula n'kumanganso. A Chiwaula anali pafupi kuphulika, koma ulemu unawagwira pakamwa.

"Mbande khumi zija munatenga kuno chaka chatha," anafunsa Aphunzitsi, "zili bwanji?"

"Aphunzitsi, ine ndabwerera nkhani ina."

"Ndamva. Zili bwanji?"

"Zisanu ndi ziwiri zinauma. Zinayamba kutuluka utomoni patsinde, masamba n'kuchita chikasu. Zitatu zotsalazo zikukula, koma minga yake ndi yaikulu, ndipo tsamba ukalifikisa likununkha ndimu."

"Munazibandira?"

"Eya. Monga tichitira ndi chimanga."

"Mpaka pati?"

"Mpaka kupitirira pamene munalumikizapo. Malo amenewo anali okhota, otupa, osaoneka bwino. Ndinati mphepo ingathyolerepo, bola ndikwirire."

"Ha! Alimi a chimanga inu," anaseka mkuluyo, osati monyoza. "Chilichonse chimene chamera mumafuna muchiunjikire dothi. Nachesi si chimanga, a Chiwaula. Chipsera chimenecho chimayenera kukhala pamtunda, chikhatho chathunthu kuchokera pa dothi, dzuwa lizichiwomba. Mukachikwirira chimaola, mtengo n'kufa. Ukapanda kufa, simudziwanso kuti ndimu walekeza pati, nachesi wayambira pati. Mphukira ya pansi ikatuluka mumaithirira mokondwa, mukuyesa ndi nachesi, pamene ndi ndimu wakale uja wadzukanso. Ine ndikamayenda m'munda mwanga, maso anga amayamba afika pa chipsera. Pamenepo ndi pamene ndimadziwira choti ndithyole ndi choti ndisiye. Ndipo ndikamadya chipatso chotsekemera, ndimadziwa kuti tsinde limeneli palokha likanandipatsa chowawasa."

A Chiwaula anasiya chubu chija naimirira. Nkhope yawo inali itachita mdima.

"Pepani, Aphunzitsi. Fanizo lanu ndalimva, ndipo ndi labwino. Koma mtengo ulibe khutu. Chipsera cha mtengo chili pa mtengo womwewo. Changa chili pa munthu wina. Wochimwa ndine, wogontha ndi wina. Wovala jekete loyera mawa ndine, wofunsa anzake kuti ati chiyani mpaka tsiku la imfa yake ndi wina. Mundiuze kuti ndiziyang'ana chipsera chimenecho n'kumakondwa?"

 Kumsewu kunadutsa njinga itasenza madengu, belu likulira lokha m'mabampu.

Aphunzitsi anaika lezala pansi, napukuta zala pa thalauza.

"Mwanena zoona," anatero. "Fanizo langa lafupika. Ndikhululukireni. Ukakhalitsa ndi mitengo umayamba kuyesa kuti anthu ndi mitengo."

Zimenezi a Chiwaula sanaziyembekezere. Anabwera atakonzeka kukangana, ndipo munthu amene wavomera kulakwa sukangana naye. Anangoima, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Ndikuuzeni changa," anatero mkuluyo. "Ndili mnyamata, n'tangoyamba uphunzitsi ndi kulalikira m'midzi Lamulungu, bambo anga anadwala. Anali munthu wa mowa ndi ng'oma, pakhomo la tchalitchi sanapondepo. Ananditumizira uthenga katatu kuti ndipite. Ine ndinayankha kuti ndili pa ntchito ya Mulungu, ndipo sindingalowe m'nyumba imene muli zithumwa. Ndinkadziona woyera kwambiri masiku amenewo. Uthenga wachinayi unali wa maliro. Alongo anga anandiuza kuti masiku awiri omaliza, aliyense akakankha chitseko, bambo ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, 'Ndi Yotamu?' Inu tchimo lanu munalichita mutaledzera. Ine langa ndinalichita ndili bwinobwino, Mawu a Mulungu ali kukhwapa. Papita zaka makumi asanu. Sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye inunso simunakhululukidwe?"

"Ndinakhululukidwa. Zimenezo sindikayika."

"Mukudziwa bwanji, pamene mukukumbukirabe?"

"Chifukwa kukumbukirako kunasintha ntchito. Poyamba kunkandithamangitsa kwa Mulungu. Ndinkalephera kupemphera, monga inu sabata ino. Lero kukabwera kumandigwetsa pa mawondo, ndipo mawu oyamba kutuluka ndi akuti zikomo. Pamene tinkati Mulungu sakumbukiranso, a Chiwaula, tinkatanthauza kuti mlanduwo sadzaudzutsanso, chifukwa Mwana wake anausenza. Sitinanene kuti adzatisandutsa zitsiru zosadziwa kumene zachokera. Mlaliki wanu wa pa msika uja sindimudziwa, ndipo sindimunyoza. Koma ndimufunse: munthu amene waiwala kuti ankamira, womuvuulayo adzamuthokoza chifukwa cha chiyani?"

 A Chiwaula anapita pa mgolo, nasamba kumaso ndi madzi othirira mbande, nabwerera madzi akuyenderera m'khosi.

"Chikho chimene mukuopa kunyamulacho," anapitiriza Aphunzitsi, "timamwa chifukwa chiyani?"

"Pokumbukira imfa ya Ambuye."

"Anafera chiyani?"

"Machimo athu."

"Athu ati? A anthu onse mwachisawawa, opanda dzina, opanda tsiku? Ine ndikamamwa ndimaona chitseko cha bambo anga. Pamenepo ndi pamene ndimadziwa kuti chili m'chikhomo si madzi otsekemera chabe. Ambuye mwini atauka kwa akufa sanabise mabala a m'manja mwake. Anawaonetsa kwa anthu omwe aja anamuthawa, ndipo anatero powapatsa mtendere, osati powaimba mlandu."

Mawu anali abwino, ndipo a Chiwaula anadziwa kuti ndi oona. Koma mtima wovutika uli ndi liuma lake. Umamva zoona n'kuvomera, kenako n'kubwerera pomwe unali. Anawerama, nachotsa mwala uja, natola kalata yawo.

"Zikomo, Aphunzitsi. Mwandiuza zazikulu. Koma bambo anu anapita, sakuvutikanso. Mai a kunyumba ali moyo, ndipo mawa adzakhala pa benchi akundiona ndikuyenda ndi jekete loyera ngati munthu wabwino. Mumtima mwawo adzati chiyani? Mwina amangopirira chifukwa cha ana. Mwina nthungululu zija zinawalasa. Ine ndiwachititse manyazi kachiwiri? Ngati simundiperekera, ndikaisiya ndekha pakhonde la Abusa. Tsalani bwino."

Anayenda mpaka pa mpanda wa nazale. Anaima. Anayendanso mapazi atatu, naimanso. Aphunzitsi anawasiya kaye, chifukwa ankadziwa kuti munthu amene akupitadi saima kawiri.

"A Chiwaula."

"Wawa."

"Munawafunsapo mai Nagama zimene mwanenazi?"

"Ndingayambire pati?"

"Zaka zonsezi?"

"Ndinapepesa pamaso pa ankhoswe. Ndinapepesanso n'tabatizidwa. Anati zatha. Chiyambire pamenepo sitinaikambenso. Ndimaopa kuti ndikaitokosa ndimva zimene sindingathe kuzisenza."

"Bwererani kuno. Mawondo anga salola kuti ndikutsatireni."

Anabwerera, koma sanakhale.

"Mwambo wa mpingo wathu mukuudziwa," anatero mkuluyo. "Dzina la mwamuna lisanapite ku chisankho, akulu amatuma munthu mwakachetechete kukafunsa mkazi wake, mwamunayo kulibe. Ife timamuona munthu Lamulungu lokha atavala taye. Mkazi ndiye amamuona Lachiwiri mbuzi zitalowa m'munda. Mkazi akati ayi, dzinalo limafera pomwepo, ndipo palibe amene amadziwa chifukwa chake."

A Chiwaula anaudziwa mwambowo. Kungoti sanalole mtima wawo kuganiza kuti unachitikanso kwawo.

"Amene anatumidwa kwanu ndine. Linali tsiku lija munapita kukagula feteleza. Zimene mkazi wanena sitiulula. Koma mai Nagama anandimasula okha. Anati, 'Musawauze, pokhapokha akadzafuna kuthawa.' Amakudziwani bwino mai aja."

A Chiwaula anayandikira, kalata ija ili m'dzanja.

"Anati chiyani?"

"Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinakhala kumanzere kwawo mosadziwa, ndipo anandisuntha, akuti, 'Aphunzitsi, bwerani mbali ino, uko kulibe munthu.' Akuseka. Ndinawafunsa monga tifunsira: bambowa ndi oyenera kunyamula chikho cha Ambuye? Anayamba asankha kaye nyemba. Kenako anati, 'Aphunzitsi, chibatizidwireni bambowa sanayendepo kumanzere kwanga. Pamsewu, kumunda, pa maliro, mu minibasi, amazungulira mpaka apezeke kumanja. Akafuna kundiitana sakuwira patali. Amabwera, n'kuima pamene ndingawaone, ndiye n'kuyankhula. Pakabwera alendo, iwo amabwereza nkhani ngati akuikometsera, koma ine ndimadziwa kuti akubwerezera ine. Sindinawapemphepo zimenezi. Mwina iwo sadziwa n'komwe kuti ndimaona.'"

 Zoonadi a Chiwaula sankadziwa kuti Nagama amaona. Zina mwa izo sankadziwa n'komwe kuti amachita.

"Ine sindinakhutire," anatero Aphunzitsi. "Ntchito imeneyi siifuna munthu wokhutira msanga. Ndinati, 'Mai, ndiye kuti zija munaiwala?' Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati, 'Ndingaiwale bwanji, khutu ndimagona nalo, ndimadzuka nalo? Masiku ena limandipweteka mumtima, sindinama. Kwaya ikamaimba ndimamva theka. Koma ndinakhululuka, chifukwa nanenso ndili ndi zanga zimene Ambuye anandikhululukira. Iwonso sanaiwale, ndipo chimenecho ndicho ndimathokozera Mulungu tsiku lililonse. Ndinakhalapo ndi mwamuna woiwala, bambo omwewa asanatembenuke. Ankandimenya Loweruka, Lamulungu n'kudzuka akufunsa madzi osamba ngati palibe chachitika. Ameneyo ndinkamuopa. Uyu wokumbukirayu sindimuopa. Tsiku limene adzaiwale, ine ndidzayambanso kugona ndi nthumanzi. Alembeni dzina.'"

 A Chiwaula anakhala pa chitsa paja, ndipo ulendo uno anakhazikika. Analira monga alirira mwamuna amene sanazolowere kulira, mapewa akugwedezeka, mawu osatuluka, misozi ikugwera pa kalata mpaka inki inayenderera. Manyazi analipo, chisoni chinalipo, koma pansi pa zonsezo panali chimwemwe chimene chinawadzidzimutsa eni ake. Aphunzitsi sanawagwire paphewa kapena kuwauza kuti atonthole. Anatola lezala yawo namezanitsa mbande ina yathunthu, mosafulumira, mpaka kumanga mfundo.

Patapita nthawi a Chiwaula anapukuta kumaso ndi chipewa. Kalata ija anali ataifinya m'dzanja mosadziwa, sinali yoti n'kuperekanso kwa munthu. Anaiyang'ana, naiponya mu dengu la zinyalala za mbande.

"Aphunzitsi," anatero ndi mawu osasa, "mawa ndidzaima. Koma ndikudzidziwa ndekha. Ndikadzafika ndi chikho pa benchi ya amai, n'kuwaona akutembenuza mutu, zidzabweranso. Ndodo ija, mawu anga aja, magazi aja. Zikadzabwera ndidzachite nazo chiyani?"

Mkulu uja anaimika chubu pa mzere wa zinzake, nawayang'ana m'maso.

"Mudzazilole zibwere. Mudzaziyang'ane bwinobwino, osachepetsako ngakhale pang'ono, chifukwa zinachitikadi ndipo zinali zoipa. Kenako mudzayang'ane chimene chili m'manja mwanu, n'kunena mumtima kuti: munthu amene anachita zimenezi ndi amene Ambuye anamufera, ndipo dzanja limeneli ndi limene alipatsa chikho chawo. Anzanu awiri aja ndi anthu abwino, anakulira mu Sande sukulu, adzathokoza monga anaphunzirira. Inu mudzathokoza monga munthu amene akudziwa. Musadzakwerenso phiri pa nkhani imeneyi, a Chiwaula. Inu mwakhala masiku atatu mukupempha Mulungu kuti akulandeni chinthu chimene mkazi wanu wakhala zaka khumi ndi ziwiri akumuthokozera. Mapemphero onse awiri Mulungu wawamva. Wayankha la mai Nagama."